Funsani Adokotala: Pepala lati IgG pozitivu, IgM negetivu, nde ndili ndi dengue kapena ayi?

Mwezi uno makalata atatu onse akukamba za dengue, matenda otentha thupi ofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo onse achokera konkuno kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu komwe ambiri dzinali sanalimvepo nkomwe. Sizodabwitsa kwenikweni poti anthu athu a geni ndi madalaivala amayenda, Dar, Beira, Nacala, ndipo pobwerako samabwera ndi katundu yekha. Kalata yoyambayo ndachedwapo dala chifukwa ndi pomwe pagona nkhani.

Funso

Adokotala, ine ndine mayi wa geni, ndimakaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo ku Dar nkumadzagulitsa pa Lizulu. Ulendo wapitawu nditabwera ndinangokhala masiku anayi nde thupi linatentha koopsa, mutu kuwawa makamaka kuseri kwa maso, mafupa onse ngati wina wandisinja ndi musi. Ndinapita kuchipatala anandiyeza malungo sanawapeze, mawa lake kachikena sanawapezenso. Mlamu wanga nde ananditenga kupita nane kachipatala kena kapulaiveti ku Lilongwe, linali tsiku lachitatu chidwalireni, ananditenga magazi nkundipatsa pepala lolembedwa Dengue IgG pozitivu, IgM negetivu. Amene anandithandizawo anangoti "mayi imeneyi ndi dengue, muzikamwa Panado" basi, pamzere panali anthu ambiri sindinathe kufunsa. Pano akwana masiku 12, ndikupezako bwino koma ndikadali wofooka. Mwana wanga wa kusekondale wawerenga pa intaneti akuti pepalali silikutanthauza kuti ndinali ndi dengue. Nde ndimvere ndani? Ndalamanso ndinalipira zambiri.

NaNgozo, Lizulu

Yankho

A NaNgozo pepani ndi matenda, ndipo mwana wanuyo musamukalipire, wawerenga bwino. Pepala limenelo palokha silinganene kuti kutentha thupi kwanu kunali dengue. Silinganenenso kuti sikunali dengue. Ndikudziwa yankho lotere limakwiyitsa munthu amene walipira ndalama zake, nde tiyeni tiyende pang'onopang'ono muone pomwe zinakhota.

Poyeza matenda m'magazi pali njira ziwiri. Ina timafuna kachilomboko kenikeni kapena kachidutswa kake. Ina sitifuna kachilomboko ayi, timafuna asilikali amene thupi lanu lapanga polimbana nako, amene kulabu timati ma antibody. Izi sizachilendo kwa ife Amalawi, kungoti sitimaziganizira. Kapulasitiki kaja amakuyezerani malungo pobaya pachala kamafuna chinthu chochokera ku tizilombo ta malungo. Pomwe kaja ka HIV kamafuna ma antibody, nchifukwa chake aphungu amakuuzani kuti mudzabwerenso ngati mwangogonana ndi munthu posachedwa, thupi limakhala lisanapange asilikaliwo. Nchifukwa chakenso khanda la mayi amene ali ndi HIV saliyeza ndi kapulasitiki kaja pa masabata 6, amatenga magazi kukawayeza mwa njira ya PCR yofuna kachilombo kenikeniko, poti khandalo limabadwa ndi ma antibody a mayi ake ngakhale lilibe kachilombo. IgM ndi IgG za papepala lanuzo ndi mitundu iwiri ya ma antibody. Nde kuti anakuyezani mapazi a wakuba, wakubayo sanamuone.

Tingoyerekeza ndi wakuba mbuzi yemweyo. Akalowa m'khola usiku, masiku oyamba aja akadali momwemo mutha kumugwira ndi manja. Pa dengue kumugwira ndi manjako ndi kuyeza kotchedwa NS1, komwe kumafuna puloteni ina imene kachilomboko kamatulutsa m'magazi, kapena PCR imene imafuna kachilombo kenikeniko. Ziwirizi zimagwira bwino kuyambira tsiku loyamba la kutentha thupi mpaka cha m'ma tsiku la 5, mwina la 7, kenako wakubayo wapita. IgM ndi anthu a m'mudzi amene amathamangira akamva mfuu. Samafika nthawi yomweyo. Pakati pa tsiku la 3 ndi la 5 imapezeka mwa theka chabe la odwala, pofika tsiku la 10 ndi pomwe imapezeka pafupifupi mwa aliyense, ndipo anthu a m'mudziwa akafika safulumira kubalalika, amakhala pabwalo kumakamba nkhaniyo miyezi iwiri kapena itatu. IgG nde agogo aja amafika mochedwa kuposa onse, cha kumapeto kwa sabata yoyamba kapena kupitirira, koma nkhope ya wakubayo sayiiwala, amaisunga zaka ndi zaka mwina moyo wonse.

Tsopano onani. Inu anakuyezani tsiku lachitatu. IgM kukhala negetivu tsiku lachitatu sikutanthauza kanthu, anthu anali asanafike pabwalo. Nanga IgG yapezeka bwanji msanga chonchi pomwe imayenera kuchedwa? Pali zinthu zitatu zomwe zingachitike ndipo pepala lanulo silingasiyanitse.

Mwina munadwalapo dengue kale ulendo wina osadziwa. Izi zimachitika kwambiri, anthu ambiri amene alowa kachilomboka samadwala nkomwe kapena amangomva kuphwanya m'thupi masiku awiri nkumati ndi kutopa kwa basi ya Dar. Kwa munthu amene wakhala akupita ku Kariakoo zaka zambiri sizingandidabwitse, poti Dar es Salaam inavutika ndi mliri wa dengue mu 2014 komanso mu 2019. Zikatero IgG yanuyo ndi chipsera chakale chabe, ndipo kutentha thupi kwa ulendo uno kutha kukhala matenda ena osiyaniratu.

Mwinanso iyi inalidi dengue koma yachiwiri. Kachilombo ka dengue kali m'mitundu inayi, amangoitchula DENV-1 mpaka DENV-4. Mukadwala mtundu umodzi mumatetezeka ku mtundu umenewo, koma itatu inayo ikhoza kukugwiranibe. Ikakugwirani kachiwiri agogo aja samachedwanso, amadzuka msanga, IgG imakwera kwambiri masiku oyambirira omwe pomwe IgM imakhala yochepa mwinanso osaoneka. Nde IgG pozitivu IgM negetivu mwa munthu amene akutentha thupi, mutu kuwawa kuseri kwa maso, wangochoka kumene ku Dar, itha kukhala dengue yachiwiri ndithu. Amene anakuthandizani aja mwina ndi zomwe ankaganiza, sindikuti analakwitsa, vuto ndi loti anangolumpha osakufotokozerani. Masiku anayi amene munakhala musanadwale akugwirizananso, dengue imatenga masiku 4 mpaka 10 kuchokera pomwe udzudzu wakulumani.

Chachitatu nchomwe anthu ambiri a geni sachidziwa. Munabayitsapo katemera wa yellow fever, uja amakupatsani kabuku kachikasu ka paboda? Ndikutanthauza kubayitsa kwenikweni, osati aja amangokhala ndi kabuku mkono wosabayidwa, tikudziwana. Kachilombo ka yellow fever, ka Zika, ka West Nile ndi ka dengue ndi pachibale, banja limodzi. Agogo aja maso awo amasokoneza wakubayo ndi asuweni ake. Munthu wobayitsa yellow fever akhoza kuonetsa IgG ya dengue pozitivu chikhalirecho dengue sanaidwalepo. Pali njira yosiyanitsira pachibalepa, amaitchula PRNT, koma imachitika m'malabu akuluakulu a kafukufuku okha, si yoti mungakaipeze pakachipatala ka pamseu.

Nde chinayenera kuchitika tsiku lachitatu lija ndi NS1 kapena PCR. Tizipangizo tina timabwera tili pawiri, mbali ina NS1 mbali ina IgM ndi IgG, taonani bwino papepalapo ngati sipanalembedwe NS1 penapake. Ngati ilipo ndipo ndi pozitivu nkhani yatha, inali dengue. Ngati ili negetivu sizikutseka khomo, poti pa dengue yachiwiri NS1 imaphonya kawirikawiri.

Pano muli pa tsiku la 12, NS1 ndi PCR nthawi yake yadutsa, musataye ndalama. Ino nde nthawi ya IgM. Mukayezetsanso sabata ino nkupezeka kuti IgM ija inali negetivu yasanduka pozitivu, umenewo ndi umboni wamphamvu kuti mwangodwala kumene dengue. Njira ina yodalirika ndi kuyerekeza magazi awiri, oyamba ndi ena otengedwa patatha masabata awiri, pa makina a ELISA amene amapereka nambala osati mizere chabe. Ma antibody akakwera kanayi kapena kuposa ndiye kuti matendawa ndi atsopano. Koma izi zimatheka ngati labu inasunga magazi anu oyamba aja, nde imbani foni mufunse kaye musanakwere minibasi.

Mwina mufunsa kuti poti ndachira nchifukwa chani ndivutikenso. Kwa munthu amene sayenda ndikanati zisiyeni. Koma inu mubwereranso ku Dar mwezi wamawa kapena winawo, ndipo dengue yachiwiri ndi imene imakonda kufika poipa kuposa yoyamba. Chimachitika ndi choti asilikali akale aja amagwira kachilombo ka mtundu watsopanoko koma osakapha, mmalo mwake amakathandiza kulowa m'maselo a thupi. Nde nkofunika kuti mudziwe ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, kuti tsiku lina mukadzatentha thupi mutachoka ku ulendo adokotala asadzayambe ndi kulota. Kufookako musadandaule nako kwambiri, dengue imasiya munthu wolefuka masabata angapo. Koma thupi likatenthanso bwererani akakuyezeninso malungo ndi taifodi, musangoti ndi dengue ija. Palinso chikungunya, imafala ndi udzudzu womwewo ndipo imaphwanya mfundo za mafupa koopsa, dzina lakelo ndi la chinenero cha Amakonde a kumwera kwa Tanzania komwe inadziwika koyamba mu 1952. Iyo siioneka pa kuyeza kwa dengue, ili ndi kuyeza kwakekwake.

Funso

Adokotala ine ndimayendetsa thiraki, njira yanga ndi ya ku Nacala, komanso ya ku Beira kudzera pa boda ya Dedza. Miyezi iwiri yapitayi ndinadwalira ku Mozambique konko, anandiuza kuti ndi dengue, ndinachira. Sabata yatha abwana anatituma tonse kukayezetsa magazi nde ine ndinapempha kuti andiyezenso dengue ija, yatuluka IgM pozitivu. Madamu kunyumba achita mantha mpaka akundipatsa mbale yangayanga, ana sakuwalola kundiyandikira, kuchipinda nde musafunse. Kodi kachilomboka kakadali mthupi? Ndimwe mankhwala anji kuti ikhale negetivu?

Dalaivala wodandaula, Dedza boma

Yankho

Achimwene, auzeni alamu abweze mbale ija pamalo pake. Kachilombo ka dengue sikakhalitsa m'magazi, pakatha pafupifupi sabata imodzi chiyambireni kutentha thupi kamakhala katatha. Chomwe chaoneka papepala lanulo ndi IgM, anthu a m'mudzi aja ndanena pamwambapa amene amatsalira pabwalo miyezi iwiri kapena itatu. Izimiririka yokha. Palibe mankhwala oichotsa ndipo palibe chifukwa choichotsera, wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala otsuka magazi kuti ikhale negetivu akungofuna ndalama zanu. IgG nayo muyembekezere kuti izituluka pozitivu mpaka kalekale.

Ndikumvetsa komwe mantha a alamu akuchokera. Kwathu kuno mawu oti pozitivu tinawaphunzirira pa HIV, nde munthu akangowamva mtima umadumpha. Koma pa HIV ma antibody akapezeka mwa munthu wamkulu ndiye kuti kachilombo kalimo, chifukwa kameneko sikachoka. Pa dengue thupi limapambana, kachilombo kamatha, ma antibody nkutsala okha. Dengue siyenda pa mbale, pa mphasa, pa kupatsana moni kapena kunyamula mwana. Imafuna udzudzu ulume munthu masiku amene akutentha thupi aja, kachilomboko kakule mwa udzudzuwo kwa sabata ndi kuposerapo, kenako ukalume wina. Nthawi imene munali woti mungapatsire ena ndi ija munali chigonere ku Mozambique, inapita. Chokhacho ndinganene ndi choti ngati mumapereka magazi muwauze a zamagaziwo kuti munadwala dengue posachedwa, iwo ndi amene anganene nthawi yoti mudzaperekenso.

Koma njira yanuyo ndi yofuna kusamala. Kumpoto kwa Mozambique dengue si mlendo, ku Pemba inabukako m'zaka za 1984 ndi 1985, inabweranso mu 2014 ku Pemba konko ndi ku Nampula. Poti mwadwalapo kamodzi, ulendo wina thupi likadzatentha muli panjira musadzagule Brufen, aspirin kapena diclofenac pa kagolosale, amenewa amawonjezera kutaya magazi. Panado yekha, madzi ambiri, Thanzi ngati alipo, kenako chipatala, ndipo muwauze kuti munadwalapo dengue. Anzanu a pa thiraki muwauzenso zomwezi. Ndipo matayala akale aja mumawasiya kuseri kwa nyumba ndi ku galaja akatunga madzi a mvula ndi nyumba yeniyeni ya udzudzu umenewu.

Funso

Zikomo adokotala. Ndine mphunzitsi kuno ku Bembeke. Mwana wa mchemwali wanga wazaka 9 anabwera kuchokera ku Dar komwe amakhala ndi makolo ake, patatha masiku atatu anayamba kutentha thupi. Malungo sanawapeze. Anatiuza kuti kuyeza dengue kulibe pafupi, mpaka mtauni. Mwamwayi anachira koma tinasowa mtendere sabata yonse. Zikadzachitikanso tidzatani poti kuyeza kuli kutali? Komanso kuno kozizira chonchi udzudzu wa dengue ungakhaleko? Tonse timagona m'neti. Ndamvanso kuti kuli katemera.

Aphunzitsi, Bembeke

Yankho

Aphunzitsi, ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa imodzi. Dengue ilibe mankhwala akeake ophera kachilombo, nde ngakhale mukanapeza kuyezako tsiku lomwelo chithandizo chikanakhala chomwecho, Panado, zakumwa zambiri, kupuma, ndi kumuyang'anira mwana. Chimapulumutsa moyo pa dengue ndi maso a womudwazika ndi a namwino kuposa mizere ya pa kapulasitiki.

Pomwe anthu amanamizika ndi apa. Nthawi yoopsa si pomwe thupi latentha kwambiri ayi, ndi pomwe layamba kuzizira, kawirikawiri pakati pa tsiku la 3 ndi la 7. Aliyense pakhomo amapumira m'mwamba kuti mwana wachira, chonsecho kwa ena ochepa ndi pomwe mitsempha ya magazi imayamba kuchucha madzi mkati, ndipo maola 24 mpaka 48 otsatirawo ndi amene amaweruza. Nde thupi likazizira koma mwana nkumadandaula m'mimba kwambiri, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama kapena kamfuno, chimbudzi chakuda, kupuma mothamanga, manja ndi mapazi kuzizira, kungoti lefu kapena kusakhazikika, kusakodza, musadikire kuti kuche kapena kuti mupeze ndalama ya IgM. Thamangani naye kuchipatala chachikulu ndipo mawu oyamba akhale oti mwanayu wachokera ku Dar, tsiku lakuti ndi pomwe anayamba kutentha. Kumeneko atha kumuyeza magazi onse, ija amati full blood count, imene imaonetsa ngati tizidutswa tothandiza magazi kuundana, ma platelet, tikutsika ndiponso ngati magazi akulimba chifukwa chotaya madzi. Manambala amenewo ndi amene amawauza madokotala kuti amuike diripu kapena ayi, ndipo pa mwana wodwalika ndi ofunika kuposa IgM ndi IgG. Ndipo chonde malungo akayezedwa kawiri osapezeka musamupatse LA wotsala wa munthu wina pongoti mwina.

Za kuzizira, muli ndi mwayi pang'ono. Udzudzu wa dengue ndi wa mtundu wa Aedes, wakuda wokhala ndi timizere toyera m'miyendo, ndipo umakonda kotentha. Kumapiri ngati Bembeke, Dedza boma kapena Tsangano suchita bwino ngati kuchigwa. Koma boma lathu lomweli mukatsika Golomoti ndi Mtakataka, kapena ku Bwanje ndi Sharpevale mbali ya Ntcheu, ndi dziko lina, kumatentha. Neti pitirizani kugonamo chifukwa cha malungo, kungoti Aedes sadikira usiku, amaluma masana makamaka mmamawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe. Pomwe neti imathandiza pa dengue ndi kumugoneka wodwalayo mmenemo ngakhale masana sabata yoyamba ija, kuti udzudzu usatenge kachilombo kwa iye. Saswanirananso m'madambo ngati wa malungo, amakonda madzi oyera osungidwa, m'migolo, m'zidebe zosavundikira, m'zitini, m'mabotolo, nde pasukulu panupo ana atha kuthandiza kukhuthula zimenezi sabata ndi sabata. Mazira ake amamatirira m'mbali mwa chidebe ndipo amapirira miyezi ngakhale chitauma, nde kukhuthula kokha sikukwana, muzitsuka ndi kukwecha.

Katemera alipodi. Woyamba anali Dengvaxia wa kampani ya Sanofi amene anavomerezedwa mu 2015, ndipo nkhani yake ndi imene inasonyeza dziko kufunika kwa IgG. Mu 2017 kampaniyo inalengeza kuti kwa ana amene sanadwalepo dengue katemerayu amawonjezera chiopsezo chodzadwala moopsa akadzalumidwa, zomwe zinabweretsa mkangano waukulu ku Philippines komwe ana ambiri a sukulu anali atabayidwa kale. Kuchokera apo anati azibayidwa okhawo amene magazi awo atsimikiza kuti anadwalapo. Wina watsopano ndi Qdenga wa kampani ya Takeda, amene bungwe la WHO limalimbikitsa kwa ana a zaka 6 mpaka 16 m'madera omwe dengue ili yochuluka kwambiri. Bembeke si dera lotero. Mwana wa mchemwali wanuyo poti amakhala ku Dar, makolo ake akafunse madokotala a konko, ndipo ngati sipanathe miyezi itatu chidwalireni atha kumuyezetsa IgM akabwerera kuti adziwe chomwe chinamugwira kwanuko.